Miyala Yonunkha Palafini ya Kutsidya kwa Save

Ine ntchito yanga ndi yonyamula kachewere. Ndimakhala kwa Kandeu, ndipo kapikapu kanga anthu amakadziwa kuyambira ku Tsangano mpaka ku Boma chifukwa cha kulira kwake kakamakwera mtunda. Chisanafike chaka chimene ndikunenachi, kutali kumene ndinali nditafikako kunali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ku Mozambiki ndinkangolowa cham'mbali, kwa Ulongwe, kukagula mbewu, tsiku lomwelo n'kubwerera. Kulowa mkati mwenimweni ndinkaopa. Ndili mwana ndinaona ku Lizulu anthu akuoloka msewu wa tala, katundu ali pamutu, ena mabala ali pamtunda, akuthawa nkhondo, ndipo mantha amenewo ndinakula nawo.

Tsiku lina m'mawa, mvula itatsala pang'ono kuyamba, ndinangoona achemwali anga akutsika pa kabaza. Iwo amakhala ku Nzama, ndipo sabwera kwathu popanda chifukwa. Mpando anaukana.

"Achimwene, mwana wanu uja watsakamira."

Ankanena Tamanda, mtsikana, mwana wawo woyamba. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndiye nkhani zake zonse zimagwera ine malume wake. Nthawi imeneyo ankaphunzira za miyala ku yunivesite, ndipo anali atapita ndi anzake kumunsi kwa Mozambiki, kufupi ndi nyanja yamchere, kukatola miyala yoti akaiyeze.

"Watsakamira bwanji?"

"Galimoto imene imayenera kuwabweretsa yachita ngozi. Anzake abwerera pa basi. Iye wakana, akuti sangasiye miyala."

"Miyala?"

"Miyala, achimwene. Mabokosi ake. A basi akukana kunyamula, akuti ndi yolemera. Masiku a pa chiphaso chake akutha. Ndiye pa wailesi akunena kuti msewu wa kumeneko akuombera magalimoto."

Ndinamuimbira foni pomwepo. Ndinamuuza kuti asiye zamasewera akwere basi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Amalume, miyezi yonseyi ndakhala padzuwa chifukwa cha miyala imeneyi. Ndikaisiya, sukulu yanga yathera pomwepo."

"Moyo ndi sukulu, chachikulu n'chiti?"

"Ndikudziwa, amalume. Koma sindiisiya."

Ndinayang'ana mayi ake. Anali atakhala pansi tsopano, pakhonde, manja ali m'masaya. Sanandipemphe kanthu. Ndinapita kukatsegula boneti ya galimoto.

Ku Boma ndinasinthitsa oyilo, ndinagula tayala lina lakale losungira, ndinakonzetsa mapepala a galimoto. Akazi anga, Nachisale, anandiphikira kachewere ndi mazira, n'kundikazingira chimanga chodzaza jumbo. Sanandiletse. Anangomangirira korona pa galasi loonera kumbuyo, n'kunena kuti, "Mukafika pamene pali netiweki muziimba, ngakhale mulibe chonena."

Pa chipata cha Dedza ndi pamene ndinayamba kuona kuti ndine mlendo. Mathiraki anali atandanda mpaka kutali. Nditafika kutsogolo, dzuwa litakwera kale, anandifunsa jekete yowala ija amavala okonza msewu. Ndinalibe. Ndinabwerera kukagula kwa ogulitsa a pomwepo, amene anangondiona nkhope n'kukweza mtengo, ndipo pobwera ndinapeza malo anga pamzere atalowa wina. Ndikudikira choncho, mayi wina wathupi, wa mpango wofiira, anasuzumira kumbuyo kwa galimoto yanga.

"Adalaivala, galimoto yopanda kanthu mukupita nayo kuti?"

Nditatchula Inhassoro, dzina limene Tamanda anandiuza, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Chipwitikizi mumachidziwa?"

"Ndimadziwa moni wawo uja wa bondiya basi."

Anaseka mpaka kugwira chitseko. Dzina lawo anali mayi Felista, a kwa Ulongwe, ndipo ankapita ku Mambone, kufupi ndi kumene ndinkapita ine, kukagula mchere wodzagulitsa kwawo. Tinagwirizana mosavuta: iwo azindilankhulira m'njira, ine ndidzawanyamulire mchere pobwera.

Kuzizira kwa kwathu kunatisiya titangoyamba kutsetsereka. Pofika ku Moatize mphepo yolowa pawindo inali ngati ya mu uvuni, fumbi lake lakuda ndi malasha. Tinaoloka Zambezi pa Tete ine maso ali pa kamuvi koonetsa kutentha kwa injini, moti mtsinjewo sindinauone bwino. Tisanafike ku Changara madzi anawira. Ndinaima pansi pa mlambe, ndipo chifukwa chofulumira ndinagwira chitsekero chisanazizire, nthunzi n'kundiwaula dzanja. Mayi Felista anandipaka mankhwala otsukira mano, n'kundimanga ndi kansalu. Tinakhala pamenepo mpaka mthunzi unasuntha, ntchentche zikutizungulira, iwo akundifotokozera za mwamuna wawo amene anapita ku Joni osabwerera. Ndinawauza kuti bambo anga anabwerako, koma ndi chifuwa chimene chinawapha. Anati, "Bola inu munaika m'manda."

Tinagona ku Changara, m'galimoto momwemo. Kutacha tinadutsa Catandica, Chimoio, mpaka pa mphambano ya Inchope, pamene msewu umakhotera kumwera. Pamenepo tinaima kuti tidye, ndipo ndinamva Chichewa kuchokera pa gulu la madalaivala a mathiraki. Mmodzi anali wa ku Balaka. Atamva kumene ndinkapita, anasiya kudya.

"Achimwene, tabwerani muone."

Ananditengera ku thiraki yake, nagwira chala changa n'kuchilowetsa pa bowo la pa chitseko. Bowolo linali losalala, chala chinalowa chonse. Anatsegula chitseko n'kundionetsa pamene chipolopolo chinatulukira, pansi pa mpando.

"Kuyambira pa Muxungue mpaka pa mlatho wa Save simuyenda nokha. Mumayenda pa mdipiti, asilikali kutsogolo, asilikali kumbuyo. Komabe amaombera. Ine ulendo uno ndi womaliza, abwana akafune wina."

Chakudya changa ndinapatsa galu. Ndinaimbira Nachisale n'kuwauza kuti zonse zili bwino. Mawu anga ndinkawamva ndekha kuti si anga.

Pa Muxungue tinafika mdipiti utanyamuka kale, ndiye tinayenera kudikira wa tsiku lotsatira. Kudikira kumeneko ndi kumene kunandidya kwambiri. Magalimoto anadzaza mbali zonse za msewu: mabasi, mathiraki, timagalimoto tating'ono todzaza ana. Amayi ankagulitsa zinanazi, ndipo tinadya mpaka lilime linang'ambika, chifukwa panalibe china chochita. Aliyense anali ndi nkhani yake. Wina akuti dzulo kunali bata. Wina akuti dzulo lomwelo anatentha basi. Wina akuti amaombera galimoto yoyamba, wina akuti yomaliza, wina akuti yapakati ndiye yoopsa. Ndinasuntha galimoto yanga katatu konse kufuna malo abwino pamzere, mpaka mayi Felista anandilanda makiyi.

"Bambo, khalani pansi. Lamulo ndi limodzi: osaima. Mbuzi ikadutsa, gundani. Mukamva mfuti, pondani moto. Galimoto ya mnzanu ikafa, musamuyang'ane."

"Nanga ikafa yanga?"

Anayamba kusenda chinanazi china.

Kutacha asilikali anafika, ndipo tinanyamuka. Sindinayendetsepo galimoto choncho m'moyo wanga. Msewu unali maenje okhaokha, koma palibe amene ankachepetsa liwiro. Tchire linali litafika m'mphepete mwenimweni mwa tala. M'basi imene inali kutsogolo kwanga simunkaoneka mutu ngakhale umodzi, anthu onse anali atagona pansi. Tinadutsa thiraki yopsa, kenako basi yopsa, mipando yake itangotsala zitsulo. Mayi Felista ankapemphera mokweza m'zinenero ziwiri. Titaona mlatho wa Save, malaya anga anali oti n'kufinya. Palibe mfuti imene inalira tsiku limenelo, koma mumtima ndinkadziwa kuti njira yobwerera ndi yomweyi.

Mayi Felista ndinawasiya pa mphambano ya ku Mambone, titagwirizana tsiku lodzawatenga. Tamanda ndinamupeza pa kamudzi kena, kumtunda pang'ono kwa Inhassoro, pafupi ndi malo amene anthu amaswa miyala yoyera yootchera laimu. Anali atada, ataonda, milomo itasweka. Ndinali nditakonza mawu omukalipira njira yonse, koma atathamanga n'kudzagwada kutsogolo kwanga, mawuwo anathawa.

Mabokosi anali m'kachipinda ka mayi amene ankamusunga, ounjikidwa mpaka pawindo. M'bokosi lililonse munali timatumba tansalu, kalikonse ndi nambala yake.

"Ndiye izi ndi zimene ndaotchera dzanja?"

"Tabwerani kaye, amalume."

Ananditengera kumalo oswera miyala kuja. Anatola mwala woyera, naumenya ndi hamala yake, n'kundipatsa. Mkati mwake munali chigoba cha nkhono, chathunthu, mizere yake yonse ikuoneka, koma cholimba ngati mwala womwewo. Anandionetsa khoma la dzenjelo, lomwe linali ndi mizere yogona, wina pamwamba pa unzake.

"Kuno konse kunali pansi pa nyanja kalekale. Matope, mchenga ndi tizilombo ta m'madzi tikafa zinkamira, n'kumasanjikizana. Zapansi zinapanikizika mpaka kusanduka miyala."

Titabwerera kunyumba anatulutsa mwala wina wachikasu, naudonthezera madzi, madziwo n'kulowa ngati mu njerwa yosapsa bwino. Kenako anatulutsa zidutswa zakuda, zobulungira ngati zidutswa za munsi. Anati zimenezo zinachokera pansi kwambiri, m'chitsime chimene anthu ofuna mafuta anaboola kale, ndipo anamupatsako pang'ono ndi chilolezo.

"Wakudawu ndi umene umabala mafuta, ukaphikidwa ndi kutentha kwa pansi. Wachikasuwu ndi umene umawasunga m'timabowo take. Pamwamba pafunika wina wothina ngati chivundikiro, kuti asathawe. Gasi kuno anamupeza kale. Ine ndikufuna kudziwa ngati wakudawu unapsa mokwanira kubala mafuta enieni."

Anaswa kachidutswa ka mwala wakudawo n'kundifikitsa pamphuno. Linali fungo la palafini, lochepa koma losakayikitsa. Sindikudziwa chifukwa chake, koma mwala wonunkha ngati koloboyi unandiopsa m'malo mondisangalatsa.

Nyanja yamchere ndinaiona popita kukathira dizilo. Inali yaikulu, yobiriwira. Ndinaiyang'ana pang'ono, n'kubwerera kukaunika matayala.

Titakweza mabokosi, kenako matumba a mchere a mayi Felista pa mphambano paja, kapikapu kanakhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira. Ndinadziwa kuti ndakalemetsa. Pa mlatho wa Save tinadikiranso mdipiti, ndipo nthawi ino tinapezeka chakumapeto kwa mzere. Tamanda anakhala pakati, mayi Felista kuchitseko.

Tinayenda bwino mpaka tinadutsa basi yopsa ija. Patsogolo pang'ono thiraki imene ndinkaitsatira inakhota mwadzidzidzi, ndipo dzenje limene inkalizemba ine ndinaliona ndili kale m'kamwa mwake. Kunamveka phuu! Mayi Felista anakuwa, n'kudzigwetsa pansi pa mpando. Ine ndinaganiza kuti atiombera. Galimoto inayamba kukokera kumanzere, chitsulo chikukhukhuluza tala. Ndinayesa kupitiriza, koma inakana. Tinaima.

Magalimoto amene anali kumbuyo kwathu anatidutsa imodzi imodzi. Palibe amene anatiyang'ana. Yomaliza inali ya asilikali. Inachepetsa liwiro, mmodzi anakuwa mawu ena akukupiza dzanja, kenako nayo inapita.

"Akuti chiyani?"

"Akuti fulumirani, sangasiye anthu onse aja chifukwa cha ife," anatero mayi Felista.

Phokoso la mainjini linachepa mpaka linatheratu. Kunatsala kulira kwa nyenje. Dzuwa linali paliwombo.

Jeke wanga analephera kukweza galimoto chifukwa cha kulemera. Tinayenera kutsitsa katundu. Tinagwira atatu, mabokosi ndi matumba n'kumaunjika m'mphepete mwa msewu. Dzanja langa lopsa lija linasupuka, koma ululu sindinaumve. Ndinali nditangochotsa tayala lophulikalo pamene Tamanda anandigwira phewa.

"Amalume."

Sindinamve pamene anatulukira. Anali amuna angapo, ataima kale pa tala, mfuti zili m'manja. Ena anavala malaya achisilikali othetheka, ena zovala wamba. Mpaka lero sindidziwa kuti anali a mbali iti. Wamkulu wawo anali wa ndevu zaimvi, wowonda, atavala nsapato zodula ku tayala. Sanakuwe. Analankhula motsitsa, m'Chipwitikizi, ndipo mayi Felista anayamba kundinong'oneza zimene ankanena, mawu awo atachepa ngati a mwana.

"Akuti tikhale pansi. Akufunsa kuti m'mabokosimu muli chiyani."

Tamanda, amene anali ataphunzirako Chipwitikizi m'miyezi ija, anayankha yekha kuti ndi miyala. Amuna aja anaseka. Wamkuluyo sanaseke.

"Akuti golide kapena miyala yofiira ija yodula. Akuti munthu sayika moyo wake pa msewu uno chifukwa cha miyala wamba."

Tamanda anatulutsa pepala la chilolezo. Munthu uja sanaliyang'ane n'komwe. Anagwedeza mutu, ndipo awiri anayamba kuphwanya mabokosi ndi zikwanje, kung'amba timatumba, n'kumakhuthulira miyala pa tala. Manambala mbali ina, miyala mbali ina.

"Ayi!" Tamanda anadzuka.

Mfuti zonse zinatembenukira kwa iye. Ndinamugwira mwendo n'kumukokera pansi. Ndinkangoona nkhope ya achemwali anga pakhonde paja, n'kumadzifunsa kuti ndikawauza chiyani.

Tamanda analankhula ali chogwada. Mayi Felista anati, "Akuwauza kuti pali hamala kuseri kwa mpando, aswe okha aone."

Wamkuluyo analoza ine. Ndinadzuka, wina akunditsatira mfuti itagunda pamsana panga. Kuchokera pamene tinakhala kukafika pa chitseko panali pafupi, koma ndinaona ngati ndikuyenda kuchokera kwa Kandeu kupita ku Boma. Hamala ija ndinaigwira kumutu, n'kuipereka ndi manja awiri.

Anayamba ndi mwala woyera. Utasweka, anauyang'ana nthawi yaitali.

"Akufunsa kuti nkhono ikutani mu mwala."

Tamanda anayankha.

"Akuwauza kuti nyanja inali kuno kale, mpaka pamene aimapo."

Munthu uja anayang'ana pansi, pa mapazi ake. Kenako anatola chidutswa chakuda, nachimenya. Tamanda anamuuza kuti anunkhize. Ananunkhiza, napatsa mnzake, mnzakeyo napatsa wina. Mtima wanga unayamba kutsika. Ndinaganiza kuti tsopano aona kuti si golide, atisiya.

Koma nkhope ya wamkuluyo inasintha. Anayamba kulankhula mofulumira, akuloza Tamanda ndi hamala. Mayi Felista anasiya kumasulira.

"Mayi, akuti chiyani?"

"Akuti... akuti ndiye ndinu amene. Mumabwera kudzanunkhiza nthaka yawo, kenako kumabwera mapaipi. Akuti gasi wakhala akudutsa pansi pa minda yawo kupita kunja, mayi awo akuphikira nkhuni mpaka kumwalira. Akufunsa kuti wakutumani ndani, ndipo mafuta amenewa adzadya ndani."

Tamanda anayankha mwachidule, mutu uli pansi.

"Akuti iye ndi mwana wasukulu. Za amene adzadye, akuti sakudziwa."

Ndinalakalaka akananama. Munthu uja ananena mawu ochepa, ndipo mayi Felista anagwira pakamwa.

"Akuti ifeyo tizipita. Mtsikanayu atsale, akawaonetse pamene pali mafuta."

Sindikumbuka kuti ndinaganiza chiyani. Ndinangopezeka ndagona chafufumimba pa tala lotentha, ndagwira nsapato za matayala zija, ndikulankhula Chichewa kwa munthu wosamva Chichewa. Ndinati uyu ndi mwana wa mlongo wanga, bambo ake kulibe, mayi ake anamupereka m'manja mwanga. Ndinati tengani galimoto, tengani ine, ndikakunyamulirani katundu mpaka ndidzafe. Mayi Felista ankamasulira akulira, ndipo ndinkamva kuti akuwonjezera zawo, chifukwa ankalankhula nthawi yaitali kuposa ine. Kenako anakwawira pa thumba lawo limodzi, nalimasula, natapa mchere m'manja awiri n'kuukweza m'mwamba.

Amuna aja anasiya kuyang'ana Tamanda. Mmodzi anayandikira, natsina mcherewo n'kuika pa lilime, maso atatsinzina. Pamenepo ndi pamene ndinaona mmene analili owonda onsewo.

Wamkuluyo anandichotsa pa mapazi ake ndi bondo, osati mwankhanza. Anafunsanso Tamanda funso lina.

"Akufunsa kuti mafutawo ali pansi bwanji."

Tamanda analoza kaphiri kamene kankaoneka patali kutsogolo kwa msewu.

"Akuti kuya kwake ngati kuchokera pano kukafika apo, kapena kupitirira. Khasu silingafike. Pafunika makina aatali kuposa mtengo uliwonse kuno, ndipo mwina n'kuboola osapeza kanthu."

Munthu uja anayang'ana kaphiriko. Anayang'ananso msewu, mbali imene asilikali analowera. Analavula, n'kuponya hamala pansi.

Anatenga mchere wonse, aliyense thumba pamutu, ndipo matumba otsala anawakokera m'tchire. Anatenga chimanga chokazinga chija, chigubu cha dizilo, mabulangete, mafoni athu ndi nsapato zathu. Wamkuluyo anaika chidutswa chakuda chija m'thumba la malaya. Pochoka anatilozera msewu n'kunena mawu amodzi, amene sanafunike womasulira. Tchire linawatseka ngati sanabwerepo.

Galimoto inali idakali pa jeke, tayala kulibe. Manati omangira tayala ankandipulumuka m'manja n'kugwera mumchenga, ine n'kumawafufuza ndi zala. Nditacheuka ndinaona Tamanda akukwawa pa tala, akutola miyala. Ina anali atailemba manambala pa mwala penipeni, ndiye ankaitembenuza umodzi umodzi, misozi ikugwera pa manja.

"Iwe! Siya zimenezo, lowa m'galimoto!"

Sanandimve, kapena anandimva.

"Tamanda, akabweranso sindidzakhala ndi china chowapatsa!"

"Mangani tayala, amalume. Mukamaliza ndisiya."

Mayi Felista, opanda nsapato pa tala loyaka, anayala chitenje chawo pansi n'kuyamba kumuthandiza. Pamene ndinkamanga nati yomaliza, anali atakweza mabokosi osaphwanyidwa ndi mtolo umodzi wa pa chitenje. Yambiri inatsala pomwepo, mbuu pa msewu. Tamanda anasunga mawu ake: nditaliza injini analowa osacheuka.

Mtunda wotsalawo tinayenda tokha. Chitsa chilichonse chinali munthu, nthambi iliyonse inali mfuti. Ndinkangoponda moto ndi phazi lopanda nsapato. Titaona amayi a zinanazi pa Muxungue, mayi Felista anatsegula chitseko galimoto isanaimitsitse, n'kusanza.

Za kubwerera ndilibe zambiri zoti ndinene. Tinagula masilipasi, tinadutsa Chimoio, Tete, n'kuyamba kukwera. Dalaivala wina wa ku Dedza anatibwereka foni, ndipo ndinauza Nachisale kuti mafoni athu anatayika, tikubwera. Mayi Felista anatsika kwa Ulongwe ndi kachikwama kawo kokha. Iwo anandigwira dzanja lopsa lija, naliyang'ana, n'kunena kuti, "Mukapite kuchipatala. Ndipo mukadzafunanso womasulira, bambo, mudzafune wina." Anamukumbatira Tamanda nthawi yaitali. Mpaka lero ndikakolola ndimawapititsira kachewere.

Miyala imene inapulumuka inamukwanira Tamanda kumaliza sukulu yake, ngakhale anachedwa chaka. Anandiuza kuti wakuda uja unapsa ndithu, koma mwina osati mokwanira, ndipo pafunika kuboola kwina kuti adziwe zoona. Ndinamuuza kuti amene akufuna mafutawo akaboole okha.

Ku Nzama tinafika masana, kukugwa mvula yoyamba. Tili m'njira tinali titagwirizana kuti mayi ake tisawauze zonse tsiku lomwelo. Achemwali anatuluka akuthamanga, Nachisale ali pambuyo pawo, chifukwa anali atapita kukadikirira komweko. Tamanda anatsika, mayi ake anamugwira kumaso, kumutu, m'mapewa, akulira ndi kuseka. Ine ndinazimitsa injini ndi dzanja lamanzere. Lamanja linakana kuchoka pa chiwongolero. Ndinaliuza kuti tafika, koma zala zinali zitauma pomwepo.

"Achimwene, simutsika?"

Tamanda anazungulira mbali yanga, natsegula chitseko, naima motchinga kuti mayi ake asaone. Anayamba kumasula zala zanga chimodzi chimodzi, pang'onopang'ono, ngati mmene umachotsera mpeni m'manja mwa mwana.

"Atopa, amayi," anatero osacheuka. "Kawatenthetsereni madzi."